Dzina la Agogo M'mabokosi a Bwana Pellingham

South Bend, Indiana
3 Novembala

Okondedwa amalume a Gray,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomo. Bondo lija likukulolani kupalasa njinga? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira.

Ndisanapite patali, pali zitatu zoti tigwirizane. Amayi amve nkhaniyi kuchokera kwa inu, osati kwa wina. Mundiuze ngati ndalakwa. Ndipo mundisankhire dzina loti ndilembe lisanafike tsiku la 28 mwezi uno.

Ku laibulale ya yunivesite kumene ndimagwira ntchito kunabwera mabokosi khumi ndi limodzi a mzungu wina, Bwana Pellingham. Anali DC ku Dedza m'nthawi ya atsamunda, anabwerera kwawo mu 1961, ndipo analemba mabuku atatu onena za anthu athu. Atamwalira, mwana wake wokwatiwa kuno anapereka mapepalawo. A kulaibulale anandipatsa ine kuti ndiwasanje, poti ndine ndekha wowerenga Chinyanja.

M'bokosi lachinayi ndinapeza makope asanu ndi awiri olembedwa ndi dzanja la munthu wina. Ndinawayerekeza ndi buku lachiwiri la bwanayo, tsamba ndi tsamba, kawiri konse. Milandu ya m'midzi, nyimbo zapamtondo, mayina a mitengo, zonse n'zochokera m'makopemo. Koma m'bukumo mlembi wa makopewo watchulidwa kamodzi kokha, kuti "kalaliki wanga", ndi dzina limodzi limene sindinkalidziwa.

Pamsonkhano wathu wa Lolemba ndinaliwerenga dzinalo mokweza, katatu, mpaka kuwaphunzitsa anzanga katchulidwe kake. Lachitatu lake ndinapeza chithunzi, kuseri kwake kutalembedwa dzina lomwelo. Amalume, nkhope yake ndi yomwe ili pakhoma la pabalaza panu. Ndi bambo anu, agogo a Akuzike. Bwanayo anawadziwa ali mwana wa sukulu ya mishoni, ndipo sanasiye kuwaitana dzina lawo lapaubwana, lomwe analisiya atavinidwa. Ine mdzukulu wawo ndalitchula pagulu ngati ndikuitana kamwana. M'kalata muno sindililemba.

Ndinawafotokozera abwana anga, mayi Tiffany. Anasangalala kwambiri, nati n'zamwayi, tilembe mayina onse awiri m'kaundula wa pa intaneti kuti agogo alandire ulemu wawo. Nditati dzina linalo sititchula, anandifunsa mwachifundo ngati pali lamulo lolembedwa loti awerenge. Loweruka ndinayendetsa galimoto maola atatu kupita ku Indianapolis kwa achemwali a Belinda, kudera la Lawrence. Iwo anaseka, nati ndisiye kudzivutitsa, kuno ndi ku America. Ndinabwerera ndisanadye.

Vuto lake ndi ili. Ndikalemba la Akuzike lokha, wowerenga bukulo sadzadziwa kuti kalaliki uja ndi iwo, ndipo ntchito yawo idzakhalabe ya Pellingham. Ndikalemba onse awiri, dziko lonse lidzawaitana dzina limene ngakhale agogo aakazi sanalitulutse pakamwa. Ndikangokhala chete mpaka pa 28, kaundula adzatsekedwa atalembedwa kuti "mlembi wosadziwika".

Pali chinanso. M'bokosi lomaliza muli kalata ya bwanayo yopita kwa agogo, ya mu 1974, imene sanaitumize. Akuti kwawoko alibe womulankhula Chinyanja, moti amalankhula yekha polima maluwa kuti asachiiwale. Ndinkafuna kumuda munthuyu, koma nditawerenga apo ndinalephera. Inenso ndimadzilankhulira m'galimoto.

Nkhaniyi si yoti mdzukulu aigamule yekha. Khalani pansi ndi amayi ndi azakhali a Lucia. Chimene munene ndichita, ngakhale mutati makopewo akhale opanda dzina.

Mundiperekere moni kwa onse, ndipo Mulungu akusungeni. Kalatayi ndaijambula n'kuitumiza pafoni ya mwana wanu Atupele kuti isachedwe panjira. Chonde yankhani sabata yomwe ino, ngakhale ndi mawu awiri okha. Mzere wa dzina ndausiya wopanda kanthu.

Ine mphwanu,
Madalo