Malo anu a kumapeto kwa benchi

Wovwe, Lachinayi, sabata yachiwiri ya Julayi

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji? Pepani ndikulemba m'Chichewa, osati m'chiyankhulo chathu. Munkaseka kuti ndikamachiyankhula ndimamveka ngati kalaliki wa ku boma, koma ndicho adatiphunzitsa kulemba kusukulu.

Mpunga tidakolola mu Juni. Mbalame zidadya mbali ya kumunsi, komabe wotsalawo utifikitsa ku dzinja. Mlongo wanga Tumpale adabereka mwana wamkazi ku Chilumba ndipo adamutcha dzina lanu. Ng'ombe yanu yofiira ija ikutsimphina. Mwana wathu wakhandayu ali ndi chifuwa, ndipo chifuwacho chabutsa nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni.

Mukudziwa mwambo wathu, kuti mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna, sawayandikira, satchula dzina lawo. Inu munkalowa m'nthochi mukaona agogo, apongozi anu, akubwera panjira, mtsuko uli pamutu. Nditakwatira Esinati, mphunzitsi wochokera ku Dowa, ndinu mudamuphunzitsa zonsezi pang'onopang'ono. Munkati, "Mwana uyu ndi wakutali, musamuopseze." M'tchalitchi ankakhala kumbuyo kwanu atafunda nsalu kumutu, ndipo abambo akamagawa mgonero ankapita mbali ya amuna yokha.

Tsiku la maliro anu abambo adakomoka kumanda. Esinati ndiye adali pafupi ndi ndowa. Adathamanga, nawagwira mutu, nawamwetsa madzi anthu onse akuona. Azakhali, mlongo wa abambo, nawonso adaona. Tsopano mwana akutsokomola, azakhaliwo akuti chifukwa chake ndi chimenecho. Kuchipatala adatipatsa mankhwala ndipo akuti ndi mphepo ya mwezi uno. Ndimawakhulupirira, Amayi. Koma mwana akatsokomola kwambiri ndimakumbukira mawu a azakhali, ndipo ndimachita manyazi pamaso pa Mulungu.

Lamulungu likubwerali kuli mgonero. Mkulu wa mpingo amene ankagawa mbali ya amayi adamusamutsira ku Karonga, ndiye abusa auza abambo kuti agawe mbali zonse. Abambo adandiitana n'kundiuza kuti bola atule ukulu wa mpingo kusiyana n'kukaima pamaso pa mkamwana wawo. Ukuluwo ndiwo ukuwadzutsa m'mawa chichokereni inu. Akautula sindikudziwa kuti adzakhala munthu wotani.

Ndidapempha Esinati kuti tsikulo atsale kunyumba ndi mwana. Iye adati, "Bambo a mwana, kuchitsime ndimabisala, kumsika ndimabisala, sindidandaula. Ndibisalenso pa gome la Ambuye?" Azakhali nawo akuti chikho chikangochoka m'manja mwa mchimwene wawo kupita m'manja mwa Esinati, iwo adzatuluka m'tchalitchi ndipo pakhomo pathu sadzapondanso.

Inu mukadakhalapo mukadangodzuka n'kukhala pakati pa abambo ndi Esinati, nkhani n'kutha. Munkati Mulungu sasokonezeka ndi nsalu ya kumutu. Sindidakufunseni ngati mumatanthauza kuti tizifundabe kapena tileke.

Dzulo madzulo abambo adabwera. Sadalowe pabwalo. Adaima kuseri kwa nthochi, atatembenukira kumsewu, n'kundiitana. Esinati adali m'khitchini. Abambo adayankhula mokweza, ndiponso m'Chichewa chawo chothyokathyoka chija, chimene sayankhula ndi ine. Adati, "Uwauze amake mwana akhale kumapeto kwa benchi, pamene ankakhala amayi ako. Ine maso anga adzakhala pa chikho. Madzi aja ndidamwa." Atatero adanyamuka osadikira yankho. M'khitchini Esinati adaiwala mphika pamoto, mpaka ndidamva fungo la ndiwo zikupserera.

Sindidakhazikikebe mtima. Manja a abambo amanjenjemera masiku ano, ndipo ndikuopa kuti chikho chingatayike mpingo wonse ukuona, anthu n'kunena kuti ndi chizindikiro. Ndikuopa azakhali. Ndikuopanso chifuwachi, kuti chingakule sabata yomweyo. Esinati wachapa nsalu ya kumutu ija n'kuipinda. Sindidamufunse ngati adzaitenga.

Amayi, malo anu akhala opanda munthu chiyambire maliro, amayi anzanu amawalambalala. Lamulungu adzakhalapo mkamwana wanu. Ndikukulonjezani kuti ngakhale azakhali atuluke, ine sindidzamuuza kuti asunthe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusekelo