Okala ya Brenda ndi Shuga wa Pamaliro

Wokondedwa Dorothy, mdzukulu wa msuweni wanga,

Ndine Silivesita Chimphepo wa ku Nambuma, wa zaka 81. Akundigwirira cholembera ndi akatekisi athu. Kaya inu muli bwanji ku Karongako? Kuno mvula inagwa bwino, fodya ali m'chigafa.

Ndamva kuti mumaphunzitsa za bizinesi kusekondale, ndiye mundithandize. Mdzukulu wanga Brenda, amene amandisunga, anatsegula okala atamaliza Fomu 4. Akuti anaphunzira kuti bizinesi ndi munthu payekha, mwini wakenso payekha, ndipo kutapa katundu wa mu okala n'kudya mpamba. Mawuwo ndinawamva. Nafenso chimanga cha mbewu sitikazinga.

Koma mwezi watha kunagwa maliro kwa aNabanda. Amayi a mphakati wathu anabwera kudzatenga shuga ndi mchere, monga timachitira. Brenda anati, "Pepani amayi, izi si zanga, ndi za bizinesi." Iwo anati, "Chabwino mwanawe, tsiku lanu adzakulirirani a Bizinesiwo."

Kuyambira pamenepo anthu akukagula kwa a Jafali, ngakhale n'kutali. Mwanayu si wouma mtima ayi. Kumaliroko anatunga madzi tsiku lonse, ndipo masiku ano akumalira kuseri kwa nyumba, akuyesa sindikuona.

Kodi m'mabuku anuwo mulibe tsamba la maliro? Ngati lilipo, mulembereni iyeyo, inu adzakumverani. Koma musachedwe kuyankha. Kuchipatala anandiuza zina zimene sindinamuuze, ndipo sindikufuna kuti tsikulo mwana ameneyu adzakhale yekha pakhomo.

Ndine agogo anu,
Silivesita