Wotchi Yosunga Nthawi ya ku Muscat

Wokondedwa mwana wanga Nazira,

Landira moni wochokera kuno ku Tsangano, komwe nkhungu yayamba kale. Amayi ako ali bwino.

Pa mawotchi onse amene ndakhala ndikusonkhanitsa, ndimakondabe ya golide ija yoonetsa nthawi ziwiri, imene ndinagula ku Joni iwe usanabadwe. Muvi wake wachiwiri ndinauika pa nthawi ya ku Muscat tsiku lomwe unanyamuka kupita kumeneko kukagwira ntchito. Ndikauyang'ana m'mawa ndili m'golosale, ndimakuona ukuyenda padzuwa la kumeneko, mpaka wogula shuga amachita kundigwedeza.

Dzulo amayi ako anandifunsa kuti, "Bambo a Nazira, bwanji mwaibwezera m'bokosi?" Ndinangoseka. Yayamba kundikulira pamkono, mwanangu, ndipo adokotala akuti ndipitenso Lachinayi. Ngati mabwana ako angalole, ubwere, usadikire Idi.

Ndine bambo ako,
Akram Saiti