Mizu Yomwe Sindinaijambule

Lolemba, 5 Meyi

Komiti ya m'dera lathu yavomereza pulani yanga ya kanyumba kowerengeramo mabuku. Zaka zonsezi ku ofesi ndimangojambulira anthu magalaja ndi zimbudzi, koma aka ndiye kanga. Makoma atatu a njerwa zosawotcha, mbali yachinayi yotsegula, yoyang'ana kumtengo wa mango uli pakona ya bwalo losewerera ana. Madzi a padenga azipita m'thanki. Mashelefu m'mwamba, chiswe chizingomeza mate. Magetsi ayi, dzuwa likwana.

Mabuku ambiri ndi a bambo. Maso awo anasiya kuona, ndiye anati ana aziwawerengera pansi pa mtengowo, womwe anaubzala okha chaka chomwe mayi anatisiya. Ndawafotokozera zonse. Angofunsa kuti khoma latalikirana bwanji ndi thunthu. Ndati mamita awiri. Angoti "Oo," n'kupitiriza kumwa tiyi. Zandinyansa pang'ono, ndimayembekezera kuyamikiridwa.

Lachitatu, 7 Meyi

Omanga ndi alamu, amuna awo a achemwali. Andiimbira masana bwana ali chilili pa desiki yanga. Akuti pokumba maziko akumana ndi muzu waukulu ngati ntchafu ya munthu, ndiye atani? Ndawauza kuti atsatire pulani, sinajambulidwe ndi mwana. Afunsanso kachiwiri. Ndadula foni.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndapita kukaona. Si muzu umodzi, ndi iwiri. Yodulidwa ndi nkhwangwa, mkati muli mbee, ikuchucha utomoni. Ndaiona ndi maso angawa, m'ngalande ya maziko.

Pa pulani mtengo ndinaujambula monga timachitira ku ofesi: kozungulira kakang'ono ndi thunthu, kozungulira kwakukulu ndi masamba, basi. Timauonera pamwamba ngati mbalame. Za pansi sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi, ine wa satifiketi yopachika pakhoma.

Alamu sanandinene. Bola akanandinena. Taphimba mabalawo ndi masaka onyowa. Ndawapempha kuti bambo asamve.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinaitana mayi uja amagulitsa mbande za mitengo pamphambano. Anauzungulira mtengo kawiri. Kenako anati: "Mwana wanga, mizu imafika pomwe nthambi zalekezera, mwinanso kupitirira. Mukadulanso wina mbali inoyi, tsiku la mphepo udzagwera padenga lanu ana ali mkati." Akuti mwina upulumuka, mwina ayi, tidziwa pakapita miyezi.

Masana kunali komiti. Apampando akuti nkhani yake ndi yaifupi: tiugwetse, matabwa ake tikhomere mabenchi. Ena mpaka kuwomba m'manja. Kusuntha kanyumbako sikutheka, kumbuyo kuli mpanda ndi paipi ya madzi. Ndachonderera, andipatsa mpaka Loweruka likubwerali. Ndikalephera kubwera ndi pulani ina, mtengo ugwa.

Lolemba, 12 Meyi

Masamba a mbali ya ngalande ayamba kufota. Bambo afunsa ngati maziko atha. Ndanama kuti simenti yachedwa.

Lachitatu, 14 Meyi

Mapepala ong'amba adzaza dengu, koma china chatuluka. Za ngalande ndazisiya. Kanyumbako kaime pa zipilala, pansi pakhale pa matabwa, mizu izidutsa kunsi momwe ikufunira. Njerwa zanga zija n'zolemera, ndiye makoma akhala a matabwa ndi nsungwi. Chipinda chachepa, theka la mabuku a bambo silikwanamo. Zimenezo ndimeza.

Chomwe chandiimitsa mutu n'choti sindikudziwa pomwe mizu yotsala yadutsa. Dzenje la chipilala lililonse likhoza kulasa muzu. Alamu akuti kufukula pang'onopang'ono ndi manja n'kwa masabata awiri, ine ndatsala ndi masiku atatu. Atatero anandiyang'ana n'kunena kuti: "Alamu, munthu wodziwa mizu imeneyi mumadya naye tsiku lililonse."

Ndikudziwa. Ndikuopa basi.

Lachisanu, 16 Meyi

Bambo ndawauza zonse m'mawa, tisanamwe n'tiyi yemwe. Anangopempha nsapato zawo ndi ndodo.

Titafika anagwada m'mbali mwa ngalande, n'kuvundukula saka okha. Anapapasa balalo nthawi yaitali, utomoni n'kuwamata zala. Alamu anati ndi iwo anadula, awakhululukire. Ndikanatha kukhala chete, ndipo mtima unafunadi kutero. Ndinati: "Ayi bambo, iwowa anandifunsa kawiri. Ndine ndinawalamula."

Bambo anadzuka, n'kuyamba kuyenda kuchokera pathunthu, akugogoda pansi ndi ndodo. Zaka makumi atatu akhala akukumbira mtengowu manyowa, khasu lawo linakumana ndi muzu uliwonse. Uwu walowera kumpanda, uwu wakhotera apa chifukwa cha mwala, uwu uli pamwamba kwambiri, musaupondetse wilibala. Alamu amakhoma zikhomo, ine ndimayeza n'kulemba. Mizu inayi ikuluikulu. Pakati pake papezeka malo a zipilala zisanu ndi chimodzi. Mawa ndili n'chokaonetsa ku komiti.

Nthawi yonseyi amalankhula ndi alamu okha. Kwa ine mawu anali amodzi: "Walemba?"

Pobwerera ndinawapatsa mkono kuti ndiwawolotse msewu. Anausiya, n'kugwira wa alamu. Ine ndimabwera m'mbuyo, pulani ili kukhwapa.