Ndinakana kwathu pamaso pa amalume

Thyolo, 19 Ogasiti 1934

Okondedwa Amayi,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti mpongozi wanu Teleza akutsokomola ndi chisanu cha m'minda ya tiyi. Ntchito yachepa, masamba sakuphuka.

Amayi, ndalemba kuti mumve kwa ine, musamve kwa apaulendo.

Lamulungu lapitali kunabwera mlendo pa sukulu ya pa esiteti, a Dixon, mphunzitsi wopeka ndakatulo. Titatuluka m'tchalitchi anatikhazika pansi pa mbawa, otchola tiyi ndi makalaliki omwe. Anatilakatulira zawo, kenaka anati aliyense apeke yake, ayambe ndi kutchula phiri kapena mtsinje wa kwawo.

Mukudziwa kuti anandipatsa ukapitawo. Chimene simukudziwa n'chakuti makalaliki ndinawauza kuti ndine Mmang'anja wa ku Chikwawa, poopa kutchedwa Mnguru monga amachitira Alomwe anzathu. Tsono itafika nthawi yanga, makalaliki akundiyang'ana, ndinaimirira n'kutamanda mtsinje wa Shire, kuti ndiwo unandisambitsa ndili khanda. Anthu anaomba m'manja.

Alongo anu, amalume a Elson, anali atakhala kutsogolo kwanga.

Mlendo atawaloza, amalume anati iwo Chinyanja chimawalemera, alakatula m'Chilomwe. Ananena za chaka chimene tinathawa Apwitikizi: mmene anawolokera mtsinje wa Ruo madzi ali m'chifuwa, mwana wa mlongo wawo ali pakhosi, atawagwira tsitsi, akulira kuti asamugwetse. Dzina la mwanayo sanatchule. Sanandiyang'ane n'komwe. Amayi ena analira. A Dixon anafunsa ngati mwanayo anakhala moyo, ndipo amalume anayankha kuti anakula bwino, koma anamva kuti anasamukira ku Chikwawa.

Ine ndinangoti zyoli.

Chiyambire tsikulo amalume sananditukwane. Bwenzi zili bwino akananditukwana. M'mawa tikakumana pa sikelo yoyezera tiyi amavula chipewa n'kundipatsa moni m'Chinyanja, kuti mwadzuka bwanji a kapitawo. Madzulo sabweranso kudzadya kwathu.

Pempho langa ndi limodzi. Mlendoyo abweranso mwezi wa mawa, ndipo tidzalakatula pamaso pa esiteti yonse. Ndikufuna kudzaimanso, koma dzina la mudzi umene tinachoka sindikulikumbuka, ngakhale phiri lake. Amalume sindingawafunse. Chonde auzeni aphunzitsi amene akukuwerengerani kalatayi alembe maina amenewo, ndi dzina limene munkanditcha ndisanabatizidwe. Ukapitawo kaya udzandithera, sindikudziwa.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Salome ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Teleza akupereka moni. Amalume sanandipatse moni woti ndilembe, ndipo ine ndinalephera kukaima pakhomo pawo kuwauza kuti ndikulemba.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Blackson