Chitsulo cha Bambo Dudar Chisathiridwe Mafuta

Kwa Mayi Lorna Dudar, ana ndi adzukulu, komanso anthu onse a m'tauni yathu,

Ife a bungwe la opulumuka ku poliyo kuno kumadzulo kwa Manitoba tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva za imfa ya Bambo Orest Dudar, ndipo chiumvereni uthengawu mitima yathu sinakhale pansi.

Malemuwa anagwidwa ndi poliyo ali mwana m'chaka cha 1953, ndipo pamene katemera ankafika patapita zaka ziwiri, mwendo wawo wamanzere unali utamangidwa kale m'chitsulo chowathandiza kuyenda. Sanakhalire kudandaula kuti mankhwala anawachedwera. Anathandiza kukhazikitsa bungwe lino, ananyamula amayi ndi makanda pagalimoto yawo kupita nawo kukatemera m'chisanu choopsa, ndipo tsiku lililonse la katemera ankakhala pampando pakhomo la chipatala, thalauza atapinda mpaka m'bondo. Chitsulo chija sankachithira mafuta, mwadala. Chinkalira ngati chitseko cha khola, moti inu Mayi Dudar munkadandaula kuti m'tchalitchi chikuposa kwaya. Koma kholo likafika pakhomo paja n'kuyamba kukayika, iwo ankadzuka, n'kuyenda pang'ono, nanena kuti: “Mwaimva nyimboyo, mayi? Lowani naye mwanayo, oimba tinakwana kale.”

Chotisowetsa mtendere n'chakuti makolo a lero sanaonepo chipinda chodzaza ana odwala poliyo opumira makina, ndipo ena ayamba kubwerera pakhomo la chipatala ana ali m'manja, osawabayitsa katemera. Chakudza sichiimba ng'oma, koma chitsulo cha Bambo Dudar chinkaimba. Otsalafe ndife ochepa, ambiri sititulukanso m'nyumba, ndipo Lachiwiri likubwerali ndi tsiku la katemera. Tili ndi mantha.

Tamva kuti banja likufuna kuwaika m'manda pamodzi ndi chitsulocho, ndipo tikumvetsa, pakuti ndinu mayi amene munkawamangirira m'mawa uliwonse chikalambireni iwo. Komabe, ngakhale tikudziwa kuti pamaliro sapempherapo zinthu, tikugwira mwendo wanu: tisiyireni chitsulocho. Ine ndinasiya kuyenda kalekale, koma manja alipo. Ndidzakhala pamalo pawo, chitsulo pamiyendo, n'kumachipinda pabondo kuti chilire.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima, ndipo tikupemphera kuti Mulungu akulimbitseni m'masiku owawitsawa. Bambo Dudar ause mumtendere, pakuti anaugwirira ntchito. Koma mukavomera pempho lathu, mayi, tikudziwa ukhondo wanu: pochipukuta, chonde musachithire mafuta.

Verna Klassen
Wapampando wa Bungwe