Bedi Langa Lakwera pa Siteji

Lolemba, pa 9 Juni

Achimwene,

Loweruka lapitali ndinaweruka ku ntchito n'kupeza bedi mulibe m'chipinda. Koma ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko? Nanga mlamu wanu ndi mwana? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Ine ndili bwino, ukalipentala ukuyenda pang'onopang'ono.

Mukumukumbukira Chiphokoso, mnzanga ndimakhala naye uja? Munthu wosatseka chitseko, nsapato ina pakhomo ina pawindo. Ndiye anatenga bedilo, lomwe ndinakhoma ndekha kuti mlamu wanu akadzabwera asadzagone pansi. Aneba anati lapita ku holo, ku sewero lake. Ndinathamangira komweko nyundo ili m'thumba.

Seweroli ndi la anthu awiri okhala chipinda chimodzi, wina wauve, yemwe ndi Chiphokoso mwini wake, wina wodandaula. Wodandaulayo amadula sopo ndi mpeni, amangoyesayesa loko, amadzidzimuka n'kumafunsa ngati mwana kumudzi wafunda. Achimwene, ameneyo ndine! Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ine ndili ndwii.

Kenako awiriwo anayamba kudumpha pabedi, mwendo umodzi wa bedilo n'kuyamba kugwedera. Sindinaganize n'komwe. Ndinakwera pa siteji, ndinawauza atsike, ndinakhoma misomali. Chiphokoso anandigwadira pomwepo, akuti alandilodi afika. Anthu anafa nacho chiseko, ankayesa ndi mmene sewerolo limayendera.

Mwini holo wati ndizikwera choncho Loweruka lililonse, ndipo wandipatsa ntchito yokonza mipando yake. Koma chachikulu ndi ichi. Sewero litayenda bwino, Chiphokoso wapatsidwa kachipinda kuseri kwa holo, ndipo wati asamuka mwezi ukatha kuti banja langa libwere. Akuti watopa kundimva ndikuusa moyo ngati tayala lobooka. Munthu ndinkamukalipira chifukwa cha sopo ndi amene wandizimira ndevu.

Bedi lija latsala ku siteji, ndikhoma lina, komanso kakang'ono ka mwana. Pempho langa ndi limodzi. Mumuyeze mwanayo ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, mudule chingwecho, mupatsire kondakitala wa basi ya Lachisanu. Ndinamusiya ali wa m'manja, sindikudziwa kuti watalika bwanji. Ndikuopa kudula matabwa moperewera.

Mupereke moni kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa alamu anga. Mlamu wanu mumuuze ayambe kulongedza, asaiwale bulangete la mwana.

Ndine mng'ono wanu,
amene kuno ayamba kumutchula kuti Kanyundo